Meshi Yomaliza ya Amayi Aakulu a Rozina

Loweruka lathali meshi ya m'mutu mwanga inakwanitsa masabata asanu ndi anayi. Amayi aakulu a Rozina akanaiona, akanandigogoda ndi chipeso pachipumi n'kundifunsa ngati ndayamba kuweta mbewa m'mutu. Kwa iwo meshi inkakhala masabata asanu ndi limodzi basi, osawonjezerapo tsiku ngakhale kubwere ukwati wa mbale wako. Koma imeneyi analuka ndi iwowo, ndipo atangoiluka panapita masiku khumi n'kumwalira. Inali ntchito yomaliza ya manja awo. Ndikaimasula, ndiye kuti mu Blantyre monse mulibenso mutu woyenda ndi maluko awo. Ndikaisiya, tsitsi langa lipitiriza kuduka, poti ndinali nditayamba kale kutola tizidutswa papilo. Ndinkangokanda m'mutu, kwinaku ndikudzifunsa kuti eni akewo akanafuna chiyani. Vuto lake n'lakuti munthu ameneyu sindinamumvetsepo ali moyo, nanji tsopano.

Anali akulu awo a malemu mayi anga. Makolo awo anachokera ku Mozambique kudzera ku Mulanje, bambo awo n'kupeza ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo a Rozina anabadwira konko. Atakwatiwa anasamukira ku Chilobwe. Mwamuna anapita ku Joni osabwerako, ana sanakhale nawo, iwo n'kutsala ndi nyumba ya zipinda ziwiri ndi khonde. Pakhondepo ndi pamene analukira tsitsi zaka zoposa makumi anayi, kuyambira nthawi ya ulusi wakuda mpaka kudzafika pa meshi ndi mawivi. Saluni sanatsegulepo. Ankati Chichewa n'cha pa wailesi, iwo amayankhula Chinyanja, ndipo akapsa mtima ankatukwana m'Chilomwe kuti kasitomala asamve.

Chodabwitsa choyamba n'chakuti munthu amene ankadyera meshi, meshiyo sankaikonda. Mutu wawo unali wa tsitsi lalifupi la imvi, lodula ndi sizasi, pamwamba duku. Meshi ankaitcha katundu. Mtsikana akabwera ndi mapaketi ambirimbiri ankamufunsa ngati khosi lake lili ndi layisensi ya lole. Ankakonda kunena kuti tsitsi la m'sitolo ndi mlendo, mwini nyumba ndi limene lili pansi, ndipo iwo salandira mlendo woti adzathamangitse mwini nyumba. Ndinawafunsapo kuti, "Nanga ngati simuikonda, mumailukiranji?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mvula imagwa chotsika. "Ndikapanda kuluka ine, aluka ena," anatero. "Wayankhidwa?" Sindinayankhidwe, koma ndinati eya.

Kupita nawo ku Limbe kukagula tsitsi kunali kudzichotsa ulemu wekha. M'kachikwama kawo simunkasowa machesi. Wogulitsa akangoti, "Amayi, ili ndi la munthu lenileni, la ku Brazil, orijino," iwo ankasolola katsitsi kamodzi n'kukayatsa pomwepo pakauntala. Kakapsa n'kusanduka phulusa, fungo lake la nkhuku yowawula, ankavomereza kuti ndi la munthu. Kakasungunuka n'kuchita kampira kolimba, fungo la jumbo, ankamuyang'ana wogulitsayo osaphethira. "Brazil wakeyo ndi wa ku fakitale eti?" M'masitolo awiri anatiletsa kulowamonso, ine wosalakwa n'kuletsedwera limodzi. Komatu pulasitikiyo sankadana nayo ayi, yolukira zingwe ankagula yomweyo. Chimene ankadana nacho ndi bodza. Akafika nayo kunyumba ankainyika kaye m'madzi ofunda othira viniga mpaka pamwamba payandame zoyera, n'kuitsukuluza, n'kuiyanika pachingwe pamodzi ndi zitenje. Ankati zoyerazo ndi zimene zimayabwitsa m'mutu, anthu n'kumanamizira nsabwe.

Kasitomala asanakhazikike bwinobwino, ankayamba amupenda kaye m'mutu. Wobwera atangothira kumene mankhwala owongola tsitsi ankamubweza kuti adikire masabata awiri. Wa zilonda, kubweza. Amene m'mbali mwa chipumi mwayamba kuyera, kubweza, ngakhale alire kuti chinkhoswe ndi mawa. Guluu womatira wivi sankafuna n'kumuona komwe. Ndiye panali chimanga chokazinga. Akamaliza mzere woyamba ankatambasula dzanja n'kukupatsa pang'ono kuti utafune. Achilendo ankathokoza, kumati koma mayi awa ndi aulemu. Ulemu wanji! Ankakuyang'ana m'mbali mwa disomu pamene ukutafuna. Ukangotsinzina, kapena khungu likaoneka kuti likukokeka, ankadziwa kuti akunga kwambiri, n'kumasula mzere wonse kuyambiranso. Tsitsi lanthete la m'mphepete sankaligwira n'komwe, ankati limenelo silisenza katundu.

N'chifukwa chake sankamwerana madzi ndi mayi wina wa saluni ya kumsika. Atsikana a kumeneko ankaluka mothina, zooneka bwino zedi, mwachangunso, ndipo makasitomala ambiri anathawira komweko. Akamadutsa pamsewu nsidze zili m'mwamba chifukwa cha kukokedwa, amayi aakulu ankafuula ali pakhonde: "Mwadabwa chiyani, achemwali? Tiuzeni nafenso tidabwe!" Mwini saluniyo anabwerapo kudzakalipa kuti akumuipitsira bizinesi, ndipo anatukwanizana mpaka anthu anadzadza pampanda. Koma mayi yemweyo atayamba dazi m'mbalimu, ndinamupeza ine, ndi maso angawa, atakhala pakhonde lomwelo akumupaka mafuta a nsatsi. Ankabwera Lachiwiri lililonse m'mamawa. Akakumana kumsika sankapatsana moni.

Ukamanyamuka, malangizo ankakuperekeza mpaka pamsewu. Pogona umange duku loterera, osati chitenje chokhakhala. Usakande ndi bolopeni, ungosisita ndi nsonga za zala. Potsuka utsuke khungu, osati kuchapa meshi ngati bulangete, ndipo uumitse mpaka pansi, apo ayi muchita chuku n'kumanunkhitsa anzako mu minibasi. Tsiku lomasula usathire madzi usanapese tizinyalala tounjikana patsinde, chifukwa tikanyowa timamanga mfundo zofuna sizasi. Ukamasula, mutu upume kaye, osati lero kumasula mawa kuluka. Ndipo ukamasulira kwa iwo, tsitsi lako lothothoka ankalitola lonse, kulikulunga m'nyuzi, n'kukupatsa m'manja. Munthu wa Misa ya m'mawa tsiku ndi tsiku! Ndinati, "Amayi, ndiye kuti mumaopa afiti?" Anati iwo amalandira Ukaristia, za afiti ndikafunse ena. Ndinati nanga nyuziyi n'njachiyani. Anati, "Agi, tenga tsitsi lako uzipita."

Nkhani imene anthu amawakumbukira nayo ndi ya ku Chimwankhunda, pamaliro a mwamuna wa Esinati, mnzanga wa kusukulu. Mwamunayo anali dalaivala. Sabata imene anamwalirayo anali atamutenga yekha mkazi wake kupita naye ku Limbe, n'kumusankhira wivi ya tsitsi lenileni, yofika m'mapewa, yoti adzaoneke nayo pa ubatizo wa mwana wawo. Amayi aakulu ndi amene anaisokerera: maluko pansi, wivi pamwamba, singano yokhota ndi ulusi. Patapita masiku anayi bamboyo anangogwa ali pa ntchito. Anthu amene anaitanidwa ku ubatizo anabwera kumaliro.

M'mawa mwake titaika maliro inafika nthawi yometa, monga timachitira kuti achibale achotse tsitsi limene imfa yawapeza nalo. Anamukhazika Esinati pamphasa kuseri kwa nyumba. Mlongo wa malemuyo, mayi wamtali wolusa, anamuvula duku n'kuigwira wiviyo dzanja lodzadza, sizasi ili kale yotsegula. Esinati sanakane. Anangogwira nsonga za tsitsilo ndi manja onse awiri, misozi ili mbwembwembwe.

"Ikani pansi sizasiyo," anatero amayi aakulu. Sanali wachibale, anangobwera kudzakhuza ngati ife tonse.

"Inu ndinu ndani pamaliro pano?" anafunsa mlamu wa Esinati uja.

"Ndine amene ndinasoka. Ulusi umenewo ndi wanga, sudulidwa ndi munthu wina."

"Ndiye mukufuna mkazi wamasiye aziyenda akugwedeza tsitsi m'mapewa, achimwene anga ali m'dothi?"

"Ndati ikani pansi, mayi. Simumva Chinyanja?"

Koma ndiye linali phokoso! Azibambo anabwera kudzasuzumira, n'kubwerera okha. Ine mumtima ndinasangalala, ndinati lero mnzanga wapulumuka, tsitsi lake silikhudzidwa. Amayi aakulu anazondotsa ndowa n'kukhalapo, anatulutsa kalezala, n'kuyamba kudula ulusi mfundo imodziimodzi, osadula ngakhale katsitsi kamodzi ka wiviyo. Anayamba dzuwa lisanatenthe, anthu anadya nkhomaliro iwo ali pomwepo. Mzere uliwonse akauchotsa ankaupesa, kuupinda, kuuika pamiyendo pa Esinati. Kenaka anamasula maluko apansi aja, tsitsi la Esinati n'kuima lonse, lalitali, lakuda bii, limene iwo omwe analilera zaka zisanu ndi mafuta awo a nsatsi.

Ndiye anatambasulira dzanja mlamu uja. "Tsopano bweretsani sizasi."

Anamumeta okha. Lonse, mpaka khungu kuonekera. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Mlamu uja nayenso anadabwa, poti anali atakonzekera nkhondo yofika madzulo. Esinati analira pamenepo kuposa mmene analirira kumanda, atakumbatira wivi yake pamtima. Pobwerera ndinawafunsa mu minibasi kuti kodi iwo anali mbali ya ndani. Anati chimene mwamuna anasankha ndi manja ake sichidulidwa, koma chimene chinamera chokha chimeranso. Ndinati ndiye kuti kumetako mumagwirizana nako? Anati ndi mwambo wachabechabe wozunza akazi. Ndinati nanga mwametera chiyani? Anamuuza kondakitala kuti titsika pa siteji yotsatira. Wiviyo Esinati anadzaivala patapita chaka, ndipo anamusokereranso ndi iwo omwe.

Iwowo anamwalira mwakachetechete, zosafanana nawo. Sitiroko, masiku atatu m'chipatala, osayankhulanso. Tsiku lometa, malume a Fabiyano, mlongo wawo yekhayo wotsala, anakhala pakhomo ndi sizasi. Masiku ano ambiri amangodulidwa pang'ono m'mbali, ndiye mzere unkayenda msanga. Itafika nthawi yanga ndinagwada, koma manja anapita okha kumutu.

"Masula ziwiri zam'mbalizi ndidule lako lenileni," anatero malume.

"Malume, analuka ndi iwowo."

"Ndiye?"

"Sindingamasule."

Malume anayang'ana azimayi, azimayi anayang'ana pansi. Munthu wodziwa chochita pa nkhani ngati imeneyi tinali titamuika dzulo lake. Mapeto ake malume anagwira chingwe chimodzi n'kudula kunsonga kwenikweni. Panagwa kachidutswa ka pulasitiki. Wina kumbuyo anaseka, n'kunamizira kutsokomola. Ndinachita manyazi, ndinapsanso mtima, osadziwa kuti ndapsera mtima ndani. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinameta maliro a amayi aakulu kapena ndinangometetsa katundu wa ku Limbe.

Meshi imeneyo anailuka masiku awiri, ntchito imene kale ankaitha dzuwa lisanapendeke. Ndinapita Loweruka m'mawa, ndikufuna kukaoneka bwino pa msonkhano wa ku ofesi Lolemba. Anayambira kutsogolo, chimanga anandipatsa monga mwa nthawi zonse, koma ankapumira pafupipafupi, ati akuonera anthu odutsa. Dzuwa linalowa tili pakati. La Mulungu titachoka ku Misa tinapitiriza, ine maso ali pa foni, ndikuusa moyo mokweza kuti amve. Kenaka ndinanena mawu amene ndikanakonda ndikanawameza: "Amayi, mukanandiuza ndikanangopita ku saluni." Sanayankhe. Munthu woyankha chilichonse, ngakhale tambala wa eni ake akalira, tsiku limenelo sanayankhe. Atamaliza ananyika nsonga m'madzi otentha, anandipukuta, n'kuti ndithamange mvula ingandipeze. Kalilole wachiwiri, amene ankaonetsera kasitomala kunkhongo, sanamutulutse, ndipo ine ndi changu changacho sindinafunse.

Ndiye Loweruka lathali, mutu utandiyabwa mosapiririka, ndinakwera minibasi ya ku Chilobwe, kaya kukatani. Nyumba ndi yokhoma, ikudikira achibale agwirizane chochita nayo. A make Dalitso, oyandikana nawo nyumba, anandiona ndili chilili pakhonde, n'kubwera akupukuta manja m'chitenje. Tinalonjerana. Kenaka anandizungulira, n'kuima kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

"Agi, kunkhongoku unadzionako?"

"Ayi. Kwatani?"

"Bweretsa foni yako."

Anakweza zingwe za pamwamba, anajambula, n'kundipatsa. Poyamba ndinaganiza kuti ndi mutu wa munthu wina. Kutsogolo ndinkakudziwa, mizere yowongoka ngati yolemba ndi rula. Koma kunkhongo mizere inkangopita uku ndi uku. Chingwe china chonenepa ngati chala chachikulu, choyandikana nacho chowonda zomvetsa chisoni. Zina zinalukidwa theka n'kungopotedwa. Chimodzi chinkalendewera pa titsitsi towerengeka. Sikunali kukalamba kwa meshi ayi, kumeneko ndimakudziwa. Analuka choncho.

"Manja anali atawathera kale," anatero a make Dalitso. "Miyezi iwiri akubweza anthu, ati atopa ndi fungo la mitu. Iwe wekha ndi amene sanakubweze. Utachoka tsiku lija ndinawapeza manja ali m'beseni la madzi ofunda, kapu ya tiyi ndinachita kuwagwirira. Anandiuza kuti ndisakuuze. Ati ukadzabwera kudzamasula adzayambira kunkhongo usanaone."

Ndinakhala pansi. Masabata asanu ndi anayi ndikuyenda nazo mu ofesi, mu tchalitchi, m'masitolo a pa Chichiri, ndikuuza aliyense monyada kuti awa ndi manja a amayi anga aakulu. Chimene ndinkasunga ngati chikumbutso chinali chinthu chokhacho chimene iwo ankafuna kuti munthu asachione. Kapena mwina ndicho ndinayenera kusunga koposa, poti m'mizere yokhotayo ndi mmene munali zimene sanandiuze. Kaya, abale. Mpaka pano sindikudziwa, ndipo ndikamaganiza za mawu anga a saluni aja mtima umandiwawa.

"Timasule?" anafunsa a make Dalitso.

Ndinayang'ananso chithunzi cha pa foni chija. Kenaka ndinati, "Yambirani kunkhongo."

Anakatenga chipeso ndi kampando kawo, koma sanakaike pamalo pa malemuwo. Anakhala cham'mbali, n'kumagwira ntchito chopendekeka. Khondelo latsala lopanda kanthu. Pasimenti pali timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo inadya pansi, ndipo patsogolo pake simenti ndi yosalala, yonyezimira, pamene akazi a m'Chilobwe akhala akukhalapo zaka zonsezi. Pakhoma pali misomali itatu yopanda chopachikapo. M'ming'alu mwatsalira timaulusi ta meshi timene tsache linalephera, takuda, tofiirira, kamodzi kagolide. Ndinakhala pamalo osalalapo nditaweramitsa mutu, zingwe zikugwera pamiyendo panga chimodzichimodzi. Khosi litatopa ndinatsamira kumbuyo monga ndakhala ndikuchitira kuyambira ndili mwana, kufuna maondo awo, ndipo ndinangotsala pang'ono kugwa chagada.